Msomali wa pa Benchi ya Kumbuyo

Mudzi wa Kalonje,
Nsaru.
6 Malichi 2023

Mlongo wanga Loyce,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko ndipo abwana ako akadakusunga. Ife kuno tadzuka, kupatula amayi amene ndikuuze pansipa. Mlamu wako Flora akupereka moni. Chimanga chabereka bwino, fodya tikuthyola ndipo chigafa chatsala pang'ono kudzaza. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani iyi si yofuula pachulu paja pamagwira netiwekipa, pamene aliyense wopita kumjigo amaima n'kumamvera. A Aubrey a lole ya katundu anyamuka mawa, ndiye ndawapatsira.

Za maliro a malume athu a Yonasi unamva. Chimene sunamve ndi chimene chinatsatira. Ukudziwa kuti malume anali munthu wa kudambwe kuyambira unyamata wawo, ndiye maliro awo anali a gule. Ukudziwanso mmene akhristu a kuno amachitira pa maliro otere. Amapita m'mamawa, kupepesa, kusiya kaufa ndi nkhuni, ndipo ng'oma zikangoyamba kulira amanyamuka mmodzimmodzi ngati akumbukira kuti anasiya ndiwo pamoto. Amayi onse a Chigwirizano anachita zomwezo. Amayi athu okha ndi amene sananyamuke. Anakhalabe pamphasa pasiwa, zilombo zinatuluka iwo ali pompo, ndipo anaperekeza mlongo wawo mpaka kumanda. Nditawanong'oneza kuti tiyeni, anangoti, “Amene ankandibereka kumsana ndili khanda ndi ameneyu. Pita iwe.”

Akulu a mpingo anakhala pansi sabata yomweyo. Lamulungu lake a Lackson Chimphepo, mlembi wa mpingo uja amavala jekete ngakhale mu Okutobala, anawerenga dzina la amayi m'tchalitchi anthu atadzaza. Awaika pa chilango cha chaka ndi theka. Mgonero sakudya, yunifolomu yoyera sakuvala, ndipo akukhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko. Benchi imeneyo iwe ukuidziwa, sindichita kukufotokozera.

Zaka zoposa makumi atatu akuvala zoyera Lachinayi lililonse! Tsopano bulauzi ndi duku anazichapa, anazisita, n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi. Kudya achepetsa, ndipo miyendo yayambanso kutupa. Chimene chikuwadya si manyazi ayi. Dzana anandifunsa kuti, “Luka, ndikafa chilango chisanathe, adzandiimbira ndani?” Lamulo ndi lomwe lija. Womwalira ali pa chilango mpingo sumuimbira, sumuveka zoyera, amangoikidwa chete. Ndinaseka n'kunena kuti amayi inu mudzatiika tonse, koma kunena zoona mlongo, ndili ndi mantha.

Ngati ungathe titumizire kangachepe togulira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Nsapato zanga zija usavutike nazo, zakalezi ndasoketsa.

Ndine mlongo wako,
Luka


Rosettenville,
Joni.
24 Malichi 2023

Achimwene,

Moni nonse kumeneko, moni kwa alamu anga. Ine thupi lili bwino. Kalata yanu ndinaiwerengera m'bafa mwa abwana, nditatsegula mpopi kuti asamve kulira kwanga. Za mankhwala ndatumiza pa foni, mukatape pa Nsaru.

Ndiye a Chimphepo amafuna kuti amayi atani? Asiye mtembo wa mlongo wawo kuti akasangalatse jekete lawolo? Nanga mayi Selina Kadzamira, wapampando wa Chigwirizano, amene akhala akudyera mbale imodzi ndi amayi zaka zonsezi, anati chiyani? Simunawatchule m'kalata mwanu, ndiye ndadziwa kuti anangokhala duu.

Benchi imeneyo ndikuidziwadi. Ndinakhalapo masabata atatu pamene ndinalowana ndi bambo uja popanda ukwati wa kutchalitchi. Amayi a zoyera onse anali kutsogolo, ine n'kumangoona misana yawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka. Sabata yachinayi ndinavala bwinobwino, ndinadutsa tchalitchi n'kukakhala kumsika, ndipo sindinalowemonso. Bamboyo anandithawa, koma dzina langa linatsalabe loipa.

Sindinakuuzeni, koma ngakhale kwa mneneri kuja ndinasiya kupitako chaka chatha. Ndinalowa kumeneko chifukwa palibe anandifunsa za ukwati. Amapemphera m'chinyumba chimene kale ankagulitsiramo mipando, nyimbo zake zogwedeza malata, ndipo poyamba ndinkati ndapeza kwathu. Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Kumeneko mipando yofewa ya kutsogolo ndi ya anthu a maenvulopu onenepa, ife otsuka mbale timakhala kumbuyo pa ya pulasitiki. Mneneri amati umphawi ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Ndinapereka malipiro a mwezi wathunthu kuti mapepala anga okhalira m'dziko muno atuluke, koma mpaka lero ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'shopu. Nditakadandaula, wothandizira wake anati mwina pali tchimo limene ndikubisa.

Ndiye taonani. Kwathu anandiika kumbuyo chifukwa cha tchimo, kuno anandiika kumbuyo chifukwa chosowa. Mulungu ameneyu ngati alipo, ine nkhope yake sindinaionepo. Ndimangoona misana ya anthu ake.

Koma chinthu chimodzi ndinaphunzirako. Panali mayi wina wolanda mwamuna wa mwini, mpingo wonse ukudziwa. Anagula zimkuzamawu ziwiri n'kupereka, ndipo sabata yotsatira anali pa mpando wofewa, mneneri akumutcha mwana wodalitsika. Chitseko cha tchalitchi chili ndi kiyi wake, ndipo ine ndinamuona ndi maso angawa. Auzeni amayi adye. Zoyera zawo adzavalanso posachedwa.

Ndine mlongo wanu,
Loyce


Kalonje.
10 Epulo 2023

Loyce,

Moni. Kuno tilipo, mtedza tayamba kukumba ndipo fodya ndikusankha. Mankhwala ndinagula, zikomo.

Mawu ako aja a kiyi sindinawamvetse, ndipo akundisowetsa mtendere. Ndakulera ndine, ndikudziwa kuti iwe ukati musadandaule ndiye kuti nthawi yodandaula yakwana.

Tamvera nkhani yabwino. Lachitatu abusa anabwera pa njinga yamoto kudzaona amayi. Anakhala nawo pakhonde nthawi yaitali, anaona miyendo ija, ndipo potsanzika anandiitanira kuseri. Akuti akulu a mpingo akumananso kumapeto kwa mwezi uno, ndipo wodwala akapempha, chilango chimatha kufupikitsidwa. Chofunika n'chakuti amayi akaonekere okha n'kupepesa. Apa panali ntchito. Amayi anati, “Ndikapepese kuti ndinalira mlongo wanga? Limenelo ndi bodza, ndipo bodza sindikanenera m'nyumba ya Mulungu.” Takambirana masiku awiri, mpaka avomera kukanena kuti akumva chisoni kuti anakhumudwitsa mpingo, chifukwa chimenecho akuti n'choona.

Ngakhale a Chimphepo aoneka kuti afewa. Dzulo anaima pa chigafa changa n'kufunsa mmene amayi adzukira, maso ali pa fodya osati pa ine. Munthu ameneyu si woipa monga ukumuganizira, kungoti malamulo anawameza ndi chikuto chomwe.

Za mayi Selina unalasa. Sanapondepo pakhomo pano. Akamapita kuchigayo akumazungulira njira ya kudimba kuti asadutse pathu, ndipo amayi akumawaona.

Chonde mlongo, khala phee. Usaimbire munthu, usalembere munthu, usatumize kanthu. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Masabata atatu okha.

Luka


Rosettenville.
14 Epulo 2023

Achimwene,

Moni nonse. Yankho lanu silinandipeze. Ndamva kuti lole ya a Aubrey yafera ku Tete ndipo akudikira chitsulo chochokera ku Lilongwe. Ine ndiye sindinadikire, chifukwa miyendo ya amayi sikudikira.

Ndagula chimkuzamawu, achimwene! Chachikulu, chofika m'chiuno, cha batire ndi sola yake, pamodzi ndi maiki awiri. Si chatsopano, koma chikalira galasi la shopu limanjenjemera. N'kale lomwe mpingo wa pa Kalonje unayamba kusonkha za chinthu chimenechi, ine ndisanachoke n'komwe, ndipo mpaka lero olalikira amasasa mawu. Ndakhala ndikusita zovala m'nyumba zitatu Lamulungu lililonse, ndipo jekete langa la nyengo yozizira ndagulitsa. Musandimvere chisoni, ndasangalala koyamba chaka chino.

Ndapatsira a Nowa, anzawo a a Aubrey, amene anyamuka Lolemba. Ndawauza kuti asakatsitsire kunyumba, chifukwa inu ndimakudziwani, mungachibise m'nkhokwe n'kuyamba kuganiza mpaka mvula itagwa. Akatsitsire pa tchalitchi penipeni, Lamulungu, anthu ali m'kati. Pa katoni ndalemba ndi zilembo zazikulu kuti ndi mphatso yochokera kwa mwana wa Anachisale, ndipo pansi pake ndawonjezera kuti akulu a mpingo awakumbukire amayi pa nkhani yawo ija. Foni sindinaimbe dala, mukanandiletsa.

Mudzandiuze nkhope ya a Chimphepo mmene idzaonekere. Auzeni amayi atulutse bulauzi ija aiyanike, ingamveke fungo la sutikesi.

Wanu,
Loyce


Kalonje.
2 Meyi 2023

Loyce,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo. Kalata yako inafika pambuyo pa katundu wako, ndipo yanga ndikhulupirira wailandira tsopano. Iwerenge kawiri.

Unafuna kumva za nkhope ya a Chimphepo, ndiye tamvera. Lole inafika nthawi ya zolengeza, ikuliza hutala ngati yabweretsa mkwati. Anyamata a kwaya ananyamula katoni mpaka kutsogolo, ena atayamba kale nthungululu. A Chimphepo anavala magalasi awo, anawerama, n'kuwerenga mokweza zonse zimene unalemba, mpaka mzere wapansi uja. Nthungululu inathera m'khosi. Kenaka tchalitchi chonse chinatembenuka kuyang'ana amayi pa benchi yawo. Unkadandaula kuti anthu sacheuka. Tsiku limenelo anacheuka onse.

A Chimphepo anavula magalasi n'kufunsa kuti, “Kodi abale, nyumba ya Mulungu yasanduka msika wa pa Nsaru?” Amayi anakhala mpaka pemphero lomaliza, mutu uli chilili.

Loweruka akulu a mpingo anakumana monga anapangira. Amayi anavala, anayenda pang'onopang'ono mpaka kukafika, koma sanawaitane n'komwe kulowa. Abusa anayesetsa, ndinamva. Akuluwo anati akawamasula tsopano, dera lonse kuyambira kuno mpaka ku Kabudula lidzati pa Kalonje chilango chimatha ndi chimkuzamawu. Pempho aliika pambali. Chaka ndi theka chikhala chathunthu. Ndipo ngakhale zikundiwawa, pamenepa sindingawatsutse kwenikweni. Iwe ukanakhala mkulu wa mpingo ukanatani?

Katundu wako anamubweza pa ngolo Lolemba. Ali m'chipinda chosungira makasu, ndipo nkhuku ya Flora yayamba kuikira pamwamba pake. Ndiye sungati sanagwire ntchito.

Dzulo, tikusenda mtedza, amayi anangoti, “Kodi mwana wanga anandiyesa mbuzi yogwidwa m'munda mwa eni, yoti aiombole?”

Ndikudziwa kuti unachita ndi mtima wabwino, ndipo za jekete lako zandikhudza, poti kumeneko kukuyamba kuzizira. Koma kuthamanga si kufika, mlongo. Kiyi wa kwa mneneri wako wathyokera m'loko wathu, ndipo amene watsekeredwa kunja ndi amayi. Panopa ndakwiya. Ndikadzapola ndidzalembanso.

Luka


Kalonje.
21 Meyi 2023

Loyce mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, dzanja likulemera. Kaya wadzuka bwanji kumeneko? Ukudya? Luka akuti unagulitsa jekete. Ukagule lina msanga, usandionjezere nkhawa.

Unandichititsa manyazi, mwana wanga, sindikubisira. Chibadwire sindinayang'anidwepo ndi anthu ambiri chotero. Ndinakukwiyira sabata yonse. Kenaka ndinamuuza Luka kuti andiwerengere makalata ako onse, ndipo nditamva za mipando yofewa ija mkwiyo unatha, panatsala chisoni. Anakuphunzitsa zoipa anthu amenewo, iwe n'kuziyesa nzeru.

Pa benchi iyi pali msomali mbali ya kumanzere. Wang'amba kale zitenje zanga ziwiri. Iwe unakhalapo masabata atatu, bwanji sunandiuze? Ukandikola ndimakumbukira iwe, ndipo ndimayang'ana kutsogolo kumene ndinkakhala. Kuchokera kuno n'kutali ndithu. Sindinkadziwa.

Koma kumbuyo kuno ndaonako zimene sindinazionepo zaka zonsezi. Kuli kamtsikana ka mimba kamene kamalowa nyimbo itayamba n'kutuluka isanathe. Tsopano kamakhala pafupi nane, ndipo timagwirizira buku limodzi. Kulinso bambo wina wa mowa amene salowa, amangoima pachitseko chipewa chili m'manja, milomo ikutsatira nyimbo. Ndiye usamati Mulungu ali kutsogolo kokha. Ine kuno ndamupeza, ndipo mawu ake akufika bwinobwino popanda chimkuzamawu chako.

Amene anandiika pa chilango ndi anthu, ndipo anthuwo ndi abale anga. A Chimphepo ndinawaphikira phala mkazi wawo atamwalira. Sindichoka, sindipitanso kwina. Kwa malume ako ndikanati ndibwerere, ndikanakhalanso pamphasa pomwe paja. Amene ndimamupembedzayo nayenso analira pamanda pa mnzake.

Koma sindikunamiza kuti mantha atha. Ndaimbira maliro a anthu osawerengeka m'dera lino, mvula ndi dzuwa. Ndikaganiza kuti anga adzapita chete, chakudya chimandikanika. Chimenechi ndiye chikundipweteka, ndiponso Selina amene akundizungulira ngati ndili ndi khate.

Usagulenso kanthu. Ukafuna kunditumizira, tumiza mafuta opaka miyendo. Ndimakutchula m'pemphero tsiku lililonse, kaya ukufuna kaya sukufuna.

Mayi ako,
Nachisale


Rosettenville.
9 Juni 2023

Amayi,

Moni amayi anga. Zilembo zanu sindinaseke, ndazipsompsona. Pepani. Ndilibe mawu ena oposa amenewa. Mukanatuluka pa chilango mwezi wa Epulo, ndipo amene wakubwezeranimo ndine.

Msomali umenewo ndikuukumbukira. Unandibaya pantchafu sabata yoyamba yomwe. Sindinasunthe, sindinauze munthu, chifukwa ndinkayesa kuti ndi mbali ya chilango.

Mwati mwamupeza Mulungu kumbuyoko. Ndikukusirirani, amayi. Ine ndayesa kupemphera chilandirireni kalata yanu, ndagwada pansi pozizira m'kachipinda kanga, koma mawu akumathera kudenga. Ndikati Atate, ndimaona jekete la a Chimphepo. Ndikati Ambuye, ndimaona nsapato zonyezimira za mneneri. Sindikudziwa kuti ndiwachotse bwanji anthu amenewa pakati kuti ndione amene ali kuseri kwawo, ngati alipo.

Ndikufuna kubwera, koma ndikatuluka m'dziko muno opanda mapepala sadzandilolanso kulowa, ndipo mankhwala anu adzagula ndani? Tsiku lililonse ndimasintha maganizo.

Mayi Selina musamawatchule n'komwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwo.

Mafuta ndapatsira a Aubrey. Chonde idyani. Mukapita chete, amayi, ndiye kuti amene watseka anthu pakamwa ndine, ndipo sindikudziwa kuti ndidzakhala bwanji ndi chimenecho.

Mwana wanu,
Loyce


Kalonje.
3 Julayi 2023

Mlongo wanga Loyce,

Moni, ndipo ulendo uno ndi wochokera pansi pa mtima. Ndapola. Za kugwa kwa amayi pankhokwe ndi kugonekedwa kwawo kuchipatala ku Namitete ndinakuimbira, ndipo ukudziwa kuti anatuluka. Zimene zachitika chitulukireni ndi zosakwana pa foni, ndiye khala pansi.

Uthenga woti Anachisale awatengera ku Namitete ali chikomokere unazungulira mudzi wonse, ndipo ambiri anayesa kuti basi. Tinabwera nawo Lachiwiri, ofooka, osafuna ngakhale phala. Lachinayi masana ndili pakhonde ndinaona mzere wa amayi ukubwera njira ya kutchalitchi. Poyamba sindinawazindikire, chifukwa Lachinayi timazolowera kuona zoyera zokhazokha. Awa anali m'zitenje zawo za kumunda, maduku amitundumitundu, wina chitenje cha chipani, wina cha kampani ya feteleza. Chinali Chigwirizano chonse cha pa Kalonje, kutsogolo kuli mayi Selina.

Amayi anadzuka pamphasa n'kufunsa kuti, “Kodi lero si Lachinayi? Zoyera zili kuti?”

Mayi Selina anagwada n'kuyankha kuti, “Zili m'masutikesi, Anachisale, kumene kuli zanu. Zidzatulukira limodzi.”

Kenaka analira mayi uja, kulira kwenikweni. Anati, “Tsiku la maliro lija ndinanyamuka ndikukuonani mwatsala nokha pamphasa. Chimandizungulitsa kudimba si kunyansidwa nanu ayi, ndi manyazi. Nditamva za ku Namitete ndinati, mnzanga akapita ndidzayang'ana kuti?”

Akuti anapita kwa a Chimphepo n'kuwapempha kuti awawerengere lamulo lonse bwinobwino. Lamulo likuletsa yunifolomu ndi mwambo wa mpingo pa maliro a munthu wa pa chilango. Koma zoti anthu a m'mudzi asaimbire mnzawo ali m'zitenje zawo, a Chimphepo anafufuza mpaka kuchikuto osazipeza. Ndiye mayi Selina anawagwira amayi dzanja n'kunena kuti, “Mukafa mawa tidzakuimbirani kuyambira pasiwa mpaka kumanda, mpaka mawu atasasa. Koma musafe, eti, mtedza wanu sunathe kusenda.”

Anakhala pabwalo n'kuyamba kusenda mtedzawo akuimba. Amayi anayamba ndi kung'ung'udza, kenaka ndinamva mawu awo aja okwera pamwamba pa onse. Madzulo ake anadya, n'kupempha kuwonjezera.

Dzulo Lamulungu ndiye kunali zinthu. Mabenchi a kutsogolo a amayi anali mbee, opanda munthu. Onse anakadzipanikiza kumbuyo mozungulira amayi ndi kamtsikana ka mimba kaja, ena pansi, ena chiimire pachitseko, mpaka bambo wa mowa uja anapezeka ali m'kati osadziwa kuti walowa bwanji. Wolalikira anali a Chimphepo. Anayang'ana mabenchi opanda anthuwo, anakonza jekete, n'kuyamba kufuula kuti mawu akafike kumbuyo. Pakati pa ulaliki mawu anawathera, ndipo Flora anandiuza pambuyo pake kuti mayi wina ananong'ona kuti, “Chimkuzamawu chija chikanathandiza.” Benchi yonse inagwedezeka ndi kuseka kobisa.

Mayi Selina ndi amene anakhala pa msomali uja, ndipo poimirira chitenje chinang'ambika mpingo wonse ukumva. Titatuluka ndinabwerera kukatenga ndodo ya amayi. Ndinapeza a Chimphepo ali okha m'tchalitchi, atagwada pa benchi ija, mwala uli m'manja, akukhomerera msomaliwo. Anandiona, n'kupitiriza kukhoma.

Abusa alengeza kuti akulu a mpingo aionanso nkhani ya amayi mu Ogasiti. Sindikukulonjeza, ndipo iwe usagule ngakhale singano. Amayi akuti kaya awamasula kaya ayi, tsopano akugona tulo.

Nkhuku ija yaswa anapiye asanu ndi awiri pa katoni yako. Flora akuti mmodzi ndi wako.

Mlongo wako,
Luka


Rosettenville.
21 Julayi 2023

Amayi anga,

Moni amayi, moni achimwene ndi alamu. Mundiperekere moni kwa mayi Selina, ndipo muwauze kuti mawu amene ndinawanenera ndawameza.

Kalata ya achimwene ndaiwerenga mpaka yayamba kuthetheka m'mopinda. Ndinaseka za a Chimphepo kusasa mawu, koma pofika pa mwala uja ndinalira. Lachinayi lapitali ndikusita malaya a abwana, ndinangozindikira kuti ndikuimba nyimbo yanu ija mumaikonda pa maliro, mavesi onse, osaphonya ndi limodzi lomwe. Adona anasuzumira n'kufunsa ngati ndalandira uthenga woipa. Ndinati ayi, wabwino.

Sindikunena kuti zonse zatha mumtima mwanga. Mafunso ndikadali nawo ambiri, ndipo ena ndidzawafunsa abusa pamaso, achimwene agwire mtima. Koma ndinkati anthu a Mulungu ndimangowaona misana. Tsopano ndamva kuti ananyamuka n'kubwera kumbuyo, opanda wowagulira kanthu, ndipo ndikufuna kudzaona nkhope zawo.

Ndikubwera ndi lole ya a Aubrey kumayambiriro kwa Ogasiti. Ndikudziwa kuti kuno sadzandilolanso kulowa. Ndaganiza mokwanira. Achimwene andipatse ndime ya kudimba ija, za mankhwala tidzazipeza m'tomato ndi anyezi, ndipo ndili kale ndi mwanapiye mmodzi woyambira. Sindikubweretsa katoni iliyonse. M'chikwama muli zovala zanga, mafuta a miyendo yanu, ndi chitenje chimodzi cha mayi Selina.

Lamulungu loyamba ndidzakugwirani dzanja mpaka kutchalitchi. Mundisungire malo pa benchi ya kumbuyo, mbali ya kumanzere, pafupi ndi inu. Akuti msomali uja anaukhomerera. Ndikufuna ndidzakhalepo ndimve ndekha.

Mwana wanu,
Loyce